Tabuleti Yafika M'kalasi, Nanga Mwana Akuwerenga?

Mamembala ndi abwenzi a kalabu yathu, ambiri amene munalephera kufika pa msonkhano wa Loweruka lapitali mwakhala mukutifunsa zimene mlendo wathu analankhula. Mlendoyo ndi mayi amene aphunzitsa makalasi aang'ono kwa zaka zambiri m'boma lathu lino la Chiradzulu. Nawa mawu awo, tawalemba monga momwe anayankhulira. Mukawerenga mugawireko anzanu ndi makolo.

Zikomo a wapampando pamodzi ndi komiti yanu. Zikomo a mfumu potipatsa malo ano. Makolo amene mwakhala kumbuyoko, ndakuonani, zikomo chifukwa chobwera. Inu achinyamata, mundilole ndizikutchulani kuti ana anga, chifukwa ena mwa inu ndinakugwirani dzanja polemba "a" woyamba. Lero ena mwamera ndevu, ena mwabereka ana kumbuyo, koma ine ndimakuonanibe muli ndi kope lodula pakati m'jumbo ya shuga.

Mwandipempha kuti ndiyankhulepo za zipangizo zamakono pa maphunziro a ana, makamaka matabuleti amene boma likupereka m'sukulu za pulayimale. Ndamva kuti pagulu lanu la WhatsApp nkhaniyi yakugawani pawiri. Ena akuti chitukuko ndi chimenechi, ana athu afanana ndi a kunja. Ena akuti ndi kumwaza ndalama: ana akukhala pansi, mabuku akuperewera, chimbudzi chinagwa, ndiye tabuleti ya chiyani?

Onse muli ndi mfundo. Ine ndakubweretserani muyezo umodzi woti muziyezera chipangizo chilichonse cholowa m'kalasi, kaya ndi choko, kaya wailesi, kaya tabuleti. Muyezo wake ndi uwu: mwana uja akuwerenga? Akumva zimene akuwerengazo? Akutha kuwonkhetsa ndi kuchotsera? Ngati yankho ndi eya, chipangizocho tichisamale ngati dzira. Ngati yankho ndi ayi, chiwale chiwalire, ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Vuto lenileni lili pati?

Tisanakambe za mankhwala, tidziwe kaye matenda. M'chaka cha 1994 boma linachotsa fizi m'sukulu za pulayimale. Chinali chinthu chabwino kwambiri, ndipo ambiri mwa inu simukanaponda m'kalasi chikanapanda chimenechi. Koma m'chaka chimodzi chokha ana olembetsa anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Makalasi, mabuku ndi aphunzitsi sizinachuluke pa liwiro limenelo, ndipo mpaka lero tikuthamangitsabe. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60, koma inu nomwe mukudziwa kuti mu Sitandade 1 ndi 2 si zachilendo kupeza ana oposa 100 m'chipinda chimodzi.

Tiyeni tichite masamu pang'ono, musaope, sindichonga. Phunziro la mphindi 30, ana 120. Mphunzitsi atafuna kumvetsera mwana aliyense akuwerenga payekha, osachita china chilichonse, mwana mmodzi angapeze masekondi 15. Masekondi 15 basi! Ndiye chimachitika n'chiyani? Mphunzitsi amalemba pa bolodi, amaloza ndi ndodo, kalasi yonse imayankha pamodzi: ba, be, bi, bo, bu. Phokoso lake lokoma, odutsa pa msewu amati ana akuphunzira. Koma m'phokosomo muli ana khumi akutsogolo amene akuwerengadi, ndipo ena onsewo akungotsatira nyimbo. Mukamutenga mmodzi wa kumbuyo, n'kumulozera "bo" payekha, amangokuyang'anani.

Mwana ameneyu amakwera kalasi, kapena amabwereza, mpaka amafika Sitandade 5 kumene zonse zili m'Chingerezi, asanadziwe kuwerenga ngakhale Chichewa. Akatero amayamba kujomba, kenako timamva kuti wapita kokagulitsa mandasi ku Limbe kapena wakwatiwa. Timati wasiya sukulu ali Sitandade 6, koma zoona zake n'zakuti sukulu inamusiya ali Sitandade 2. Ndipo vutoli si lathu lokha. A World Bank ndi a UNESCO ananena mu 2022 kuti m'maiko a kumwera kwa chipululu cha Sahara, ana pafupifupi 9 mwa 10 aliwonse a zaka 10 satha kuwerenga kankhani kophweka n'kukamvetsa.

Chomvetsa chisoni n'chakuti Chichewa si chovuta kuwerenga. Chimalembedwa momwe chimayankhulidwira. Mwana akadziwa malembo ndi maphatikizo, chitseko chatseguka. Chimene amasowa ndi munthu, kapena chinthu, choti chimumvetsere iye payekha n'kumuuza kuti apa wakhoza, apa bwereza.

Zipangizo si zachilendo kwathu kuno

Mawu akuti tekinoloje asakuopseni ngati kuti abwera dzulo. Boma lathu lino lili ndi mbiri yake pa nkhaniyi. Mu 1900, John Chilembwe atabwera kuchokera ku America, anakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe. Taonani dzinalo: sanafune mishoni ya mapemphero okha, anafuna kuti anthu aphunzire kuwerenga ndi ntchito za manja. Pofika 1912 sukulu zake zinali ndi ana pafupifupi 1,000. Mayi Ida Chilembwe ndi Emma DeLany ankaphunzitsa amayi ndi atsikana kusoka. Masiku amenewo sileti, buku losindikizidwa ndi makina osokera zinali zipangizo zamakono, ndipo panali makolo amene ankazikayikira monga momwe ena akukayikira tabuleti lero.

Pitani ku Nguludi. Ku koleji ya Montfort amaphunzitsa aphunzitsi a ana osaona ndi osamva, ndipo pafupi pomwepo pali sukulu ya Mary View ya ana osamva. Mwana wosaona amawerenga ndi zala, pogwiritsa ntchito timadontho totukuka timene anayambitsa Louis Braille wa ku France zaka pafupifupi 200 zapitazo, iyenso ali mnyamata wosaona. Timadontho 6 tokha, tosanjidwa mosiyanasiyana, ndi makina otibayira pa pepala. Kwa ine, chimenechi ndiye chitsanzo cha chipangizo chabwino. Chimamupatsa mwana chinthu chimene sakanachipeza mwa njira ina iliyonse. Komabe makina aja paokha saphunzitsa munthu. N'chifukwa chake pali koleji yonse yosula aphunzitsi odziwa kuwagwiritsa ntchito.

Ena mwa inu mukukumbukira Tikwere. Pulogalamu ya pa wailesi imeneyi inayamba kuulutsidwa pa MBC mu 2008 mothandizidwa ndi USAID, ndipo inali ya Sitandade 1 mpaka 3. Sukulu zinalandira mawailesi opukusa ndi dzanja, osafuna mabatire. Ana ankaikonda chifukwa cha nyimbo ndi masewero ake. Koma amene munali m'kalasi nthawi imeneyo mukumbukire momwe inkayendera. Mphunzitsi wa pa wailesi ankalankhula, n'kukhala chete, kupereka mpata kuti mphunzitsi wa m'kalasi alembe pa bolodi kapena aimiritse ana awiriawiri. Pamene mphunzitsi anali wokonzeka, phunziro linkakoma. Pamene mphunzitsi ankangoyatsa wailesi n'kutuluka panja, inkasanduka phokoso chabe. Wailesi inali imodzimodzi, kusiyana kunali pa munthu.

Nanga matabuletiwa anachokera kuti?

Nkhani yake inayamba pang'onopang'ono. Mu 2013, pa sukulu ya pulayimale ya Biwi ku Lilongwe, anayesa kuphunzitsa ana masamu pa matabuleti, m'Chichewa. Maphunzirowo anakonza ndi anthu a bungwe la ku Britain lotchedwa onebillion, mogwirizana ndi a VSO ndi Unduna wa Zamaphunziro. Katswiri wina wa ku yunivesite ya Nottingham, Nicola Pitchford, anagawa ana m'magulu. Ena ankagwiritsa ntchito tabuleti ya masamu theka la ola patsiku, ena ankaphunzira mwa masiku onse. Patatha masabata 8 anawayesa, ndipo anapeza kuti a tabuleti ya masamu aja apita patsogolo kuposa anzawo. Kenako anawonjezera maphunziro a kuwerenga, ntchito inafalikira m'sukulu zina, ndipo kafukufuku wina anachitikanso. Mu 2019 a onebillion anali m'gulu la awiri amene anapambana mpikisano wa dziko lonse wa Global Learning XPRIZE, umene unayesedwa m'midzi ya ku Tanzania.

Ndikukuuzani zimenezi kuti mudziwe kuti chinthuchi sichinangogwa kumwamba. Chinayesedwa pa ana a Chimalawi, m'chiyankhulo chathu, kwa zaka khumi. Mu 2023 boma linachitenga kukhala pulogalamu yake, yotchedwa BEFIT, mothandizana ndi mabungwe a Imagine Worldwide, onebillion ndi VSO. Inayamba ndi sukulu 500, ndipo cholinga chake n'chakuti pofika 2029 ikhale itafika m'sukulu zonse za boma za pulayimale, pafupifupi 6,000, kwa ana oposa 3 miliyoni a Sitandade 1 mpaka 4. Choncho kaya pa sukulu ya kwanu afika kale, kaya mukudikirabe, nkhaniyi ndi yanu.

Kagwiridwe kake ndi kotere. Tabuleti ija sifuna intaneti, maphunziro onse ali m'kati momwemo, ndiye palibe za bandulo. Sidalira magetsi a ESCOM, imatchajidwa ndi sola. Mfundo imeneyi ndi yaikulu, chifukwa kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba 11 zokha pa 100 zilizonse m'Malawi muno ndi zimene zinkaunikira magetsi, ndipo zambiri mwa izo ndi za m'tauni. Mwana amavala mahedifoni, amamva mawu a Chichewa akumulangiza, amakhudza chilembo ndi chala, amachilemba potsata mzere, amawerenga timiyala kapena zipatso pa sikirini. Akakhoza, imamuuza pomwepo. Akalakwa, imamubwezera, ndipo siitopa, siikalipa, anzake samuseka.

Mwaona pamene pagona mphamvu yake? Ndi pa masekondi 15 aja. Kwa theka la ola, mwana wa kumbuyo uja ali ndi chinthu chomumvetsera iye yekha. Sangabisale m'nyimbo ya gulu, ayenera kuyankha ndi chala chake. Wofulumira amapita patsogolo, wochedwa amayenda pa liwiro lake. Mphunzitsi mmodzi, ngakhale akhale waluso chotani, sangachite zimenezi kwa ana 120 nthawi imodzi. Pamenepa, ana anga, ine ndikuvomereza kuti tabuleti ikuthandiza pa bala lenilenilo.

Zimene tabuleti singachite

Koma walira mvula walira matope. Tiyeni tione mbali inayo, ndipo ndiyambe ndi phunziro la dziko lina. Ku Peru, ku South America, boma linagawira ana a sukulu malaputopu mazanamazana a masauzande pansi pa pulogalamu ya One Laptop per Child. Akatswiri a Inter-American Development Bank atafufuza m'sukulu zoposa 300 za kumidzi, anatulutsa zotsatira mu 2012. Ana anadziwadi kugwiritsa ntchito kompyuta, koma pa masamu ndi kuwerenga sanapose anzawo amene analibe. Chifukwa chiyani? Anapereka makina, koma m'makinamo munalibe maphunziro osanjidwa bwino otsata zimene mwana akuyenera kudziwa, ndipo aphunzitsi sanakonzekeretsedwe mokwanira. Ndiye wina akabwera pa sukulu yanu ndi makatoni a makompyuta, kamera ili kutsogolo, muzimuthokoza, koma muzifunsanso: muli chiyani m'katimo, aphunzitse ndani, zikawonongeka akonze ndani?

Ndinaonapo pa sukulu ina, sinditchula dzina, makompyuta a mphatso atakhala m'chipinda chokhoma zaka zitatu. Ankaopa kuti ana awononga. Mapeto ake anawononga ndi makoswe ndi fumbi. Chipangizo chokhomeredwa sichiphunzitsa mwana. Chimodzimodzinso tabuleti imene batire yake yafa, kapena imene sola yake yabedwa.

Chachiwiri, tabuleti ili ndi theka la ola lokha pa tsiku la mwana. Maola ena onsewo ndi a mphunzitsi, bolodi, buku ndi kope. Tabuleti siidziwa kuti mwana uyu wabwera osadya. Siidziwa kuti uyu akutsinzina chifukwa saona bwino, kapena kuti uyu kwawo amayankhula Chiyao ndipo mawu ena a Chichewa akumuphonya. Siiona kuti mtsikana uja wajomba masiku anayi. Siiphunzitsa kugwira pensulo pa pepala, kudikira nthawi yako yolankhula, kapena kupepesa mnzako. Lipoti la UNESCO la 2023 lokhudza tekinoloje pa maphunziro linatsindika zomwezi, kuti makina azithandizira mphunzitsi, asamulowe m'malo. Choncho amene mukuti tikufunabe makalasi, madesiki, mabuku ndi aphunzitsi ambiri, musasiye kunena. Mukunena zoona.

Chachitatu, taphunzira m'zowawa kuti chipangizo chimafika pamene pali kale poyambira. Mu Marichi 2020 sukulu zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19, ndipo zinayamba kutsegulidwa mu Seputembala. Maphunziro anaikidwa pa wailesi ndi pa intaneti. Anapindula ndani? Mwana amene kwawo kunali wailesi, mabatire, ndi wamkulu womukhazika pansi nthawi ikakwana. Ena onse anali kumunda, kumsika, kudambo. Ndipo mu Marichi 2023, namondwe wa Freddy atatigwetsera phiri ku Ntauchira ndi kuwononga madera ena, makalasi ambiri anasanduka malo ogona anthu othawa madzi. Tinataya abale athu, mizimu yawo iuse mumtendere. Tinaona ndi maso kuti maphunziro amafuna denga lolimba, chipinda chouma ndi mudzi umene waimirira. Popanda zimenezo palibe makina amene angagwire ntchito.

Foni ya kunyumba ndi nkhani ina

Pali chinthu china chimene makolo ambiri amasokoneza. Amati poti kusukulu akuphunzira pa tabuleti, ndiye kumupatsa mwana foni kunyumba n'chimodzimodzi. Ayi ndithu. Tabuleti ya kusukulu ili ndi maphunziro okhaokha, ili ndi nthawi yake, ndipo pali mphunzitsi akuyang'anira. Foni yanu ili ndi TikTok, mafilimu, magemu ndi za kubetcha. Zinthu zimenezo anazipanga akatswiri kuti munthu asaziike pansi. Ngati inu akuluakulu zimakugonetsani 12 koloko usiku, kuli bwanji mwana wa zaka 7?

Sindikuti muzibisa foni. Ndikuti muzikhala naye pamene akuigwira. Mujambuleni akuwerenga, amve mawu ake. Mulembereni uthenga waufupi woti awerenge mokweza, ayankhe yekha. Agogo akatumiziridwa uthenga kuchokera ku Joni, awawerengere ndi iyeyo. Foni yomweyo yasanduka buku. Koma muzidziwa amene akucheza ndi mng'ono wanu kapena mlongo wanu pa foni, chifukwa afisi a masiku ano sadikira mdima, amalowera pa Facebook. Mukaona zokayikitsa, uzani akuluakulu, kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana.

Ntchito yanu achinyamata

Tsopano ndifike pamene ndabwerera. Inu ndinu amene mumazidziwa bwino zipangizozi kuposa ife. Muli ndi mphamvu, ena muli ndi nthawi, ndipo ana amakumverani kuposa momwe amamvera makolo awo. Ndikusiyirani ntchito zisanu.

Yoyamba, yezani. Ku India kuli bungwe la Pratham limene kuyambira 2005 limatumiza anthu ongodzipereka, ambiri mwa iwo achinyamata ngati inu, kuyenda khomo ndi khomo kuyesa ngati ana akuwerenga. Ku Kenya, Tanzania ndi Uganda anatengera nzeru yomweyo pansi pa dzina la Uwezo. Chida chawo ndi pepala limodzi basi. Inunso mutha kuchita. Lembani malembo khumi pamwamba, maphatikizo khumi pansi pake, kenako mawu khumi, kenako ziganizo zinayi, pomaliza kankhani kafupi ndi mafunso awiri. Pemphani chilolezo kwa makolo ndi kwa a mfumu. Khalani ndi mwana mmodzi pa nthawi, pamthunzi, mwaulemu, osamuopseza. Lembani pamene walekezera. Dzina lake lisapite pa WhatsApp, musamuchititse manyazi. Patatha miyezi 6 mubwererenso kwa ana omwewo. Mukatero mudzadziwa nokha ngati tabuleti, kapena china chilichonse, chikugwira ntchito m'mudzi mwanu. Simudzadikira kuti akuuzeni a pa wailesi.

Yachiwiri, funsani mafunso, koma mwaulemu ndi pamalo pake. Sukulu iliyonse ili ndi komiti ya sukulu, PTA ndi gulu la amayi. Misonkhano yake si ya nkhalamba zokha. Pitani mukakhale nawo. Ngati matabuleti alipo, funsani kuti kalasi iliyonse imawagwira kangati pa sabata, angati akugwira ntchito, owonongeka amapita kuti. Funsani ngati atsikana ndi anyamata akupeza mpata wofanana, ndiponso ngati mwana wolumala akuganiziridwa. Musapite ngati apolisi, mupite ngati eni sukulu. Aphunzitsi ambiri adzakondwa, chifukwa nawonso amatopa kusenza okha. Mutu umodzi susenza denga.

Yachitatu, tetezani. Apa ndilankhula mosapsatira. Sola ikabedwa pa sukulu, wakuba sachokera ku Mozambique. Ndi wa m'mudzi momwemo, ndipo wogula ndi wa pa msika pomwepo. Batire ya sukulu ikapezeka ikuyendetsa vidiyo kapena ikutchaja mafoni pa golosale, inu achinyamata ndi amene mumayamba kudziwa. Munthu ameneyo sanabere boma. Wabera mwana wa mlongo wanu theka la ola lija, tsiku lililonse, mwina chaka chonse. Musagule, musabise, kaneneni kwa a mfumu ndi a chitetezo cha m'mudzi.

Yachinayi, werengani ndi ana. Mwana akaphunzira maphatikizo pa tabuleti, amafuna poyeserera. Kunyumba zambiri kulibe buku ngakhale limodzi la msinkhu wake. Kalabu yanu itenge masana amodzi pa sabata, pansi pa mtengo, ana makumi awiri, achinyamata anayi. Ngati mabuku palibe, pangani. Katoni ya sopo ndi makala zikukwana kulemba makadi a maphatikizo. Pitani kwa agogo akuuzeni nthano, inu muilembe m'ziganizo zazifupi, ana aiwerenge. Zitsekerero za mabotolo ndi njere za chimanga ndi masamu okwanira. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Yachisanu, ganizirani za mawa lanu. Sukulu 6,000 zikakhala ndi masola ndi matabuleti, padzafunika anthu oika, okonza ndi osamalira. Ntchito imeneyo isadzapite kwa anthu ochokera kutali inu muli pompano. Tili ndi sukulu ya ntchito za manja ya DAPP ku Mikolongwe, tili ndi koleji ya aphunzitsi ya Chiradzulu, tili ndi Montfort ndi Catholic University ku Nguludi. Maboma ena alibe mwayi wotere. Kafunseni zimene amaphunzitsa ndi zoyenereza zake. Ndipo amene muli ndi MSCE yabwino, musanyoze uphunzitsi wa makalasi aang'ono. M'mera mpoyamba. Dokotala aliyense amene mumamuona pa chipatala anayambira pa "a, e, i, o, u", m'manja mwa munthu wina woleza mtima.

Kwa inu makolo, pempho langa ndi limodzi. Mwana akabwera kusukulu, musangofunsa kuti lero mwagwira tabuleti? Mufunseni kuti wakuphunzitsa chiyani, andionetse. Alembe pansi ndi chala. Ngakhale inuyo simunapite kusukulu, mwana amadziwa kuti kunyumba kuli wina amene akudikira kuona. Ndipo m'mawa muzimutumiza pa nthawi yake, ngakhale tsiku la msika, ngakhale nyengo yokolola nandolo. Tabuleti siitsatira mwana kumunda.

A wapampando, ndaona mukuyang'ana wotchi. Ndimalize ndi pempho kwa kalabu. Musanabalalike lero, sankhani anthu anayi oti alembe pepala loyezera lija, ndipo mugwirizane mudzi woyambira. Mukandiitana ndidzabwera kudzakuthandizani kusanja maphatikizo, kuyambira ophweka mpaka ovuta monga "ng'o", "mphwa" ndi "ntcha". Tikadzakumananso nthawi ngati ino chaka cha mawa, sindidzafuna kumva kuti matabuleti ndi abwino kapena oipa. Mudzandiuze kuti m'mudzi wakutiwakuti tinayesa ana angapo, owerenga anali angapo, lero afika angapo.